Kandimverere adakanena za m'maluwa: mlandu wa filimu yofatsa



Lero ndabwera ndi mlandu, ndipo amene ndikumuimira pabwalo ndi filimu. Dzina lake ndi Enchanted April, kutanthauza mwezi wa Epulo wotenga mtima. Mdzukulu wanga wina, amene akugwira ntchito ya unamwino ku Britain, adabwera nayo pa kompyuta yake pa nthawi ya tchuthi, ndipo tidaionera tonse pabalaza, a m'banja ndi alendo awiri, usiku wina magetsi atatikomera mtima. Itatha, ine ndi agogo anu aakazi tidakhala duu kwa kanthawi, mitima ili myaa. Koma anthu atatu adaiimba milandu itatu. Mnyamata wina mwa adzukulu adati: "Agogo, filimu yanji yopanda chochitika? Iyi ndi yogonetsa tulo." Mkulu wa mpingo mnzanga adati ikuphunzitsa amayi kuthawa amuna awo. Mphunzitsi amene tidagwira naye ntchito zaka zambiri adati ndi maloto a azungu olemera, opanda phindu kwa munthu wogwira khasu. Usiku umenewo sindidawayankhe, poti mlendo sakanganitsidwa pa mkeka wako. Ndasinkhasinkha kwa miyezi ingapo, ndipo tsopano ndiyankha onse atatu.

Ndiyambe ndi nkhani yake, kuti amene simudaionere muweruze mukudziwa. Idachokera m'buku la Elizabeth von Arnim lotchedwa The Enchanted April, limene lidatuluka m'chaka cha 1922. Filimuyi adaitsogolera ndi Mike Newell, ndipo idayamba kuonetsedwa m'zaka za 1991 ndi 1992. Achinyamata mukuzidziwa ntchito za bambo ameneyu ngakhale dzina simulisunga: ndiye adatsogoleranso Four Weddings and a Funeral mu 1994 ndi Harry Potter and the Goblet of Fire mu 2005. Adaijambulira m'nyumba yakale ya malinga yotchedwa Castello Brown, pamwamba pa doko la Portofino ku Italy, momwe mlembi wa bukulo adakhalamo iye mwini.

Nkhani imayambira mumzinda wa London, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, m'nyengo ya mvula yamvumbi ndi chisanu. Lottie Wilkins, mkazi wa loya woumira dzina lake Mellersh, aona m'nyuzipepala kuti kuli nyumba ya malinga m'mbali mwa nyanja ku Italy imene akuichititsa lendi mwezi wonse wa Epulo. Anyengerera mayi wina amene amangomuona kutchalitchi, Rose Arbuthnot, kuti apite limodzi. Rose ndi wopemphera, wothandiza osauka, koma iye ndi mwamuna wake Frederick adasanduka ngati alendo m'nyumba imodzi. Lendi yake ndi mapaundi 60, ndalama yochuluka kwa amayi awiriwo, choncho afunafuna anzawo ena awiri oti agawane nawo mtengo. Apezeka Mayi Fisher, mkazi wamasiye wokalamba, waukali, woyenda ndi ndodo. Ndi Lady Caroline Dester, mtsikana wa banja lolemera, wokongola kwambiri, amene watopa ndi amuna omulondalonda. Anayiwa sadziwana ndipo poyamba sagwirizana. Mayi Fisher ndi Caroline afika msanga n'kulanda zipinda zabwino. Lottie ndi Rose afika usiku, mvula ikugwa, ali ndi mantha. Kutacha, Lottie atsegula zenera, aona nyanja, dzuwa ndi maluwa oyanga. Kuyambira pamenepo mitima inayi iyamba kumasuka, wina lero, wina mawa, ndipo amuna aja nawonso afika m'modzim'modzi.

Tsopano mlandu woyamba, woti mulibe chochitika. Mdzukulu wanga, akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwe udazolowera mafilimu amene m'mphindi khumi zoyamba galimoto zitatu zagubuduzika, nyumba yapsa ndipo anthu asanu agona pansi. Maso ako adaphunzira kuwerenga mitembo, ndiye ukaona filimu yopanda mtembo ukuti mulibe kanthu. Ine ndaphunzitsa ana kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo chinthu chachikulu koposa chimene ndidachionapo m'kalasi chidali chopanda phokoso: mwana amene wakhala miyezi akungoyang'ana zilembo, tsiku lina nkhope yake kuwala, milomo kuyamba kugwedezeka, iye n'kuwerenga liwu loyamba. Munthu wodutsa panja pa zenera akadati palibe chachitika, pamene moyo wonse wa mwanayo udatembenukira pomwepo.

Zochitika za mu Enchanted April ndi za mtundu umenewo. Mayi wamantha, amene kwawo amalephera kutsiriza chiganizo pamaso pa mwamuna wake, ayamba kulankhula zimene akuganiza. Mayi wopemphera azindikira kuti adabisala kuseri kwa ntchito zachifundo pothawa kuyang'anana ndi mwamuna wake. Mtsikana amene aliyense amamuyamikira nkhope agona m'munda yekha, n'kuyamba kudzifunsa kuti moyo wake ndi wa chiyani. Kodi izi si zochitika? Kuseka nakonso kulimo. Mellersh, tsiku lofika, aumirira kusamba m'bafa lotenthetsa madzi ndi moto, osamvera malangizo a antchito. Chitofucho chiphulika, bambo wodzilemekeza uja atuluka atangomanga thaulo n'kukumana maso ndi maso ndi Lady Caroline, amene adakonzekera kumupatsa moni waulemu. Agogo anu aakazi adaseka mpaka misozi. Ndipo odziwa za mafilimu sadagone tulo poionera: mu 1993 Miranda Richardson, amene adasewera ngati Rose, ndi Joan Plowright, amene adasewera ngati Mayi Fisher, adalandira mphotho za Golden Globe, ndipo filimuyi idalowa m'gulu lopikisana pa mphotho zitatu za Oscar.

Pali chinthu china chimene mdzukulu wangayo sadachione, ndipo ndicho chimandikweza mtima koposa. M'filimu yonseyi palibe amene akulangidwa. Tazolowera nkhani zothera pa chilango: woipa achita misala, wakuba agwidwa, mkazi wachiwiri athamangitsidwa, ife oonera n'kuomba m'manja kuti wakhaula. Muno muli mwamuna woumira, mwamuna wamaso patalipatali, nkhalamba yonyoza ndi mtsikana wodzikonda, anthu oti wolemba wina akadawakonzera dzenje aliyense lakelake. Koma apatsidwa dzuwa, chakudya, tulo ndi munthu mmodzi wowaganizira zabwino, ndipo afewa okha ngati chikopa chonyikidwa m'madzi. Munthu ukaonera zotere umatuluka uli ndi chiyembekezo pa anthu a m'nyumba mwako, ndi pa iwe mwini. Filimu ya chilango imakusiya ukuloza chala anzako. Iyi idandisiya ndikudzifunsa.

Mlandu wachiwiri ndi wa mkulu wa mpingo mnzanga, woti filimuyi ikuphunzitsa amayi kuthawa amuna. Achimwene, ndikulemekezani, koma ndidakuonani: mudayamba kusinza amayi aja asadafike n'komwe ku Italy, ndipo mathero ake mudachita kufunsa kwa ana. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Mukadapenya mpaka kumapeto mukadaona kuti chinthu choyamba chachikulu chimene Lottie achita atapuma ndi kulemba kalata yoitana mwamuna yemwe uja adamusiya ku London. Anzake adabwa, poti onse adabwera kudzapuma kwa anthu otopetsa. Iye aona kuti zokoma zotere sangadye yekha, ndipo avomera kuti nayenso adali woumira, woumira chikondi, wochita kuyeza kuti apereke chofanana ndi chimene walandira. Akakamizanso Rose kulembera Frederick. Kodi mkazi wothawa banja amatero?

Chimene filimuyi ikunena n'chakuti munthu wotopa sangathe kukonda bwino. Makolo athu adachidziwa chimenechi. Mayi akabereka ankakhala m'chikuta, osagwira mtondo kapena mtsuko, amayi anzake akumuphikira ndi kumutungira madzi. Mkazi wokwatiwa kutali ankaloledwa kupita kwawo kukacheza, nabwerako nkhope ili yosalala. Palibe nkhoswe yanzeru imene inkatcha zimenezi kutha kwa banja. Ife a masiku ano tidasunga mawu amodzi okha pa malangizo onse a ukwati, akuti banja n'kupirira, ndipo mawuwo timawalozetsa kwa mkazi. Kupirira kopanda kupuma kumabala mkazi wachete, womvera, amene thupi lili m'nyumba koma mtima udachoka kalekale. Amuna ambiri a msinkhu wanga ali ndi akazi otere ndipo amadzitama kuti kwawo kuli mtendere.

Sindibisa kuti pali malo amodzi pamene filimuyi imandivutitsa. Frederick safika ku Italy chifukwa cha kalata ya mkazi wake. Abwera akulondola Caroline, osadziwa kuti Rose ali m'nyumba yomweyo. Rose pomuona ayesa kuti wabwerera iye, amulandira ndi chikondi chimene adachibisa zaka zambiri, ndipo mwamunayo, manyazi atamugwira, atembenuka mtima. Caroline adziwa zonse koma atseka pakamwa. Wina anganene kuti banja limeneli lamangidwanso pa bodza, ndipo sindingamutsutse kotheratu. Frederick sindimuyamikira. Koma ndakhalapo nkhoswe kangapo, ndipo ndidaphunzira kuti pali choonadi china chimene ukachitula pabwalo chimangokhutitsa wochinenayo, n'kugwetsa nyumba imene inali itayamba kuima. Kukhala chete kwa Caroline ndi ntchito yoyamba yachifundo imene mtsikana wodzikonda uja achitira munthu wina. Ndisiya kwa inu owerenga kuti muweruze ngati adalakwa.

Mlandu wachitatu ndiwo wolemera, ndipo mphunzitsi mnzanga adaunena mwanzeru. Adati: ndani mwa ife angachite lendi nyumba ya malinga ku Italy? Awa ndi mavuto a anthu okhuta. Ndiyankha pawiri.

Poyamba, anthu a m'nkhaniyi si okhuta mtendere monga akuonekera. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 idapha asilikali a ku Britain oposa 700,000, ndipo kalembera wa 1921 adapeza kuti ku England ndi Wales akazi adaposa amuna ndi 1.7 miliyoni. Lidali dziko la amasiye ndi la atsikana amene zibwenzi zawo zidatsala m'maenje a ku France. Bukulo limanena kuti Caroline adataya pa nkhondo mwamuna yekhayo amene akadakwatiwa naye, ndi kuti Rose adaika m'manda mwana wake wakhanda. Chisoni chotere sichifunsa mtundu wa munthu. Nkhondo yomweyo idafika ndi kwathu kuno: kudamenyedwa nkhondo ku Karonga mu Seputembala 1914, makolo athu ambirimbiri adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali pa ntchito ya mtengatenga, ena osabwerako, ndipo chipilala cha asilikali a King's African Rifles chikadali chiimire ku Zomba. Amayi a kuno amene adadikira amuna osabwerera akadamumvetsa Caroline popanda womasulira. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo sadapeze mwezi wopuma.

Kachiwiri, ndivomera kuti mnzangayo adalasa penipeni, ngakhale sadadziwe chimene walasa. Amayi anayi aja akupuma chifukwa pali ena amene sakupuma. M'nyumbamo muli antchito a ku Italy, wophika, wosamala m'nyumba, wolima maluwa, ndipo filimu siifunsa ngati iwowo adapumako. Maluwa amene Lottie akuwaona pa zenera adathiriridwa ndi munthu. Kupuma kwa wina nthawi zonse kumakhala thukuta la wina. Mnzangayo adaona zimenezi nati tiitaye filimuyo. Ine ndidaona zomwezo ndipo zidandibweza kunyumba kwanga ndi funso: pa zaka zonse zimene ine ndinkapuma, ankakhetsa thukuta ndani?

Apa ndiulule zimene zidandichititsa kulemba. Pa chithunzi chija cha m'mawa woyamba, Lottie akudzuka dzuwa litakwera kale, agogo anu aakazi adalankhula chapansipansi, osauza munthu aliyense, kuti: "Koma amayi awa, kugona mpaka dzuwa kutuluka." Sadanene modandaula. Adanena monga munthu woona chinthu chachilendo, ngati ndege kapena chipale. Mawuwo adandilasa. Ndidawerenga m'mutu zaka zoposa makumi anayi za ukwati wathu, ndipo sindidapeze tsiku limodzi, kupatula masiku a chikuta ndi a matenda, limene dzuwa lidawapeza ali pa mphasa. Ine mphunzitsi ndinkakhala ndi tchuthi katatu pa chaka. Sukulu ikatsekedwa ndinkakhala pa khonde ndi nyuzipepala ndi wailesi, tiyi akubwera yekha, madzi osamba akufika okha ku bafa. Tchuthi changa chidali nyengo imene ntchito yawo inkachuluka, poti ana onse ali pakhomo, alendo a aphunzitsi aakulu akubwera, kumunda kukudikira. Ndinkalemba ndalama iliyonse ya pakhomo m'kabuku ndi kufunsa kuti sopo watha bwanji msanga. Ndidaseka Mellersh ndi thaulo lake, koma pofika kumapeto ndidazindikira kuti ndikuseka chithunzi changa. Filimu yankhanza sikadandiuza zimenezi, chifukwa ndikadati ine sindimenya mkazi, sindimwa mowa, zimenezo ndi za ena. Idandigwira chifukwa ndi yofatsa, ndipo mwamuna wake wolakwa ndi munthu waulemu, wopita kutchalitchi, wosunga ndalama, monga ine.

Tsono wina adzati: mwakalamba, madzi akatayika saoleka, ndipo m'mera m'poyamba. Mwambi umenewu ndauphunzitsa kwa ana zikwi, ndipo ndi woona pa kulera. Koma ife okalamba timaugwiritsa ntchito molakwika, ngati chishango chokanira kusintha. Yankho lake lili mwa Mayi Fisher. Mayi ameneyu amakhala ndi akufa: nkhani zake zonse ndi za alembi otchuka a nthawi ya Mfumukazi Victoria, monga Tennyson ndi Carlyle, amene ankabwera kwa bambo ake iye ali mwana. Aliyense wamoyo amamuyeza pa sikelo ya akufawo n'kumupeza wopepuka. Ndikuidziwa nthenda imeneyi, poti ife aphunzitsi opuma timadwala yomweyo: zonse zabwino zidatha ndi nthawi yathu, ana a lero sadziwa kanthu. Koma m'mwezi umodzi uja mayiyu ayamba kumva zachilendo m'thupi, ngati mtengo wofuna kuphuka, achita nazo manyazi, kenaka aleka kulimbana nazo. Ayamba kuyenda osatsamira ndodo. Pochoka, aizika pansi ndodoyo n'kuisiya, ndipo chithunzi chotsiriza chitionetsa itaphuka masamba ndi maluwa. Odziwa Baibulo akumbukira ndodo ya Aroni m'buku la Numeri. Ndodo youma siphuka m'munda mwanga kapena mwanu, zimenezo tikudziwa tonse. Koma nkhalamba youma mtima ikhoza kuphuka, ndipo Joan Plowright, amene adatisiya mu Januwale 2025 ali ndi zaka 95, adationetsa zimenezi ndi nkhope yokha, popanda kukweza mawu.

Kwa mnzanga wonena za olemera ndionjezere ichi. Chimene chidachiritsa amayi aja sichidali malinga kapena dzina la Italy. Adapeza malo amene palibe wowaitana kuti abweretse madzi, anzawo oti acheze nawo, ndi masiku okwanira kuti mtima ukhazikike. Zimenezi sizifuna chiphaso choyendera kapena ndege. Zimafuna munthu wina wovomera kugwira mthiko kwa masiku angapo. Kuvuta kwake kuli pamenepo, ndipo ndikukayika kuti ena amene amanyoza mafilimu otere amawanyoza pothawa mthikowo.

Ine ndidachita chotere. Mwezi wa Epulo wapitawu, mvula itadula, ana athu adasonkha ndalama, ine ndidaonjezera za penshoni, ndipo agogo anu aakazi adapita kunyanja ku Salima ndi anzawo awiri a kumvano kwa masiku asanu. Adakana katatu, akufunsa kuti nkhuku adzatsekera ndani, nanga ine ndidzadya chiyani. Ndidatsala ndekha ndi mdzukulu uja wonena za kugonetsa tulo. Nsima yathu ya tsiku loyamba idali yosapsa, ndiwo zidapserera, ndipo ndidadziwa kwa nthawi yoyamba kulemera kwa ndowa ya madzi kuchokera pa mjigo kufika pakhomo panga. Anthu ena a m'mudzi adaseka kuti aphunzitsi aakulu adyetsedwa mankhwala. Asekeni. Mayi adabwerako atanyamula usipa wouma ndi nkhani zosatha, ndipo adandiuza kuti tsiku lachiwiri adadzuka mwachizolowezi kusadache, nakumbukira kuti kulibe moto woti akoleze, nagonanso.

Sindikunena kuti masiku asanu abweza zaka makumi anayi. Ngongole imeneyo ndidzapita nayo kumanda. Ndikunena kuti filimu imene anthu atatu anzeru adaiyesa yopanda pake ndiyo idandionetsa ngongoleyo, pamene maulaliki ambiri ndi mabuku ambiri sadathe. Choncho musachite manyazi kukonda nkhani yofatsa, yothera pabwino. Munthu amene watuluka m'nkhani ali ndi mtima wofuna kuchitira wina zabwino sadataye nthawi yake.

Adzukulu anga, ipezeni filimuyi, ndi ya ola limodzi ndi theka basi. Muzimitse mafoni, muionere pamodzi ndi amayi anu, ndipo pa chithunzi chija cha zenera muyang'ane nkhope zawo. Mukatero mudzifunse kuti adagona liti mpaka dzuwa kutuluka, ndi kuti ndani mwa inu adzagwira mthiko kuti agoneko. Mkulu wa mpingo mnzanga ndamuitana kuti tidzaionerenso Loweruka likubwerali, masana, kuti tulo lisamupezerere, ndipo ndamupempha kuti abwere ndi mayi a kunyumba kwake.

Ndatha ine agogo anu. Mutsale bwino.